Kabokosi Kopanda Chimbale

Dzina lenileni la achimwene anga linatsalira pa chiphaso. Mumsewu wathu wonse amadziwika kuti a Chimbale, chifukwa kwa zaka makumi awiri akhala akugulitsa zimbale za magemu m'kashopu kopapatiza, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi. Ine mlongo wawo ndinkawaseka poyamba. Bambo wamkulu, ndevu pepeya, kumadyera masewera a ana! Anandiyankha kamodzi kokha: "Iwe umagulitsa nsapato zomwe sunavalepo. Ine sindigulitsa chomwe sindinalawe."

Sankanama. Gemu iliyonse ikafika, ankayamba aisewera mpaka kumapeto isanakwere pa shelefu. Akamaliza ankalemba maganizo awo pa kapepala kachikasu n'kumata pa kabokosi kake. Timapepala tina tinali tankhanza. "Yokongola, koma yopanda mchere." "Iyi mwana wanu aimaliza Loweruka lomwelo, sungani ndalama yanu." Gemu ikawasangalatsa kwambiri ankangolemba kuti, "Siyoipa." Mawu oti gulani sanawalembepo, ankati amenewo ndi a anthu otsatsa malonda. Owabweretsera katundu ankalira nawo, koma makolo ankachokera kutali kudzawerenga timapepalato.

Kenako anthu anayamba kugula magemu pa intaneti ali khale m'nyumba zawo. Mashelefu a kumanzere anachita fumbi, achimwene n'kuikapo machaja ndi mahedifoni. Lendi yokha ndi imene sinamve zoti zinthu zasintha. Sankadandaula, koma ine ndinkaona kuti kashopu kaja kakupuma mobanika.

Mwana wawo wamkazi timamutcha Kabatani, poti anakulira pansi pa kauntala akudina chilichonse chodinika. Iyeyu ndi anzake awiri anatha zaka zitatu akupanga gemu yawoyawo, ya mayi wina wopereka makalata pa njinga mumzinda wosefukira madzi. Masana ankagwira ntchito za eni, gemu ankaipanga akaweruka. Kuti alipire wojambula ndi woimba nyimbo, Kabatani anagulitsa njinga yake yamoto. Zitatha zonse panatsala kangachepe.

M'mawa wina anafika pa shopu ine ndili pomwepo, nkhope ili ngwee.

"Ababa, tagwirizana. Ndalama yotsalayi tidinditsa zimbale zikwi ziwiri. Zoyamba zikhala pa shelefu yanu, ndipo mwezi woyamba izipezeka kuno kokha."

Mtima wanga unadumpha. Ndinati Mulungu wayankha, anthu abwereranso. Achimwene anatsegula dirowa, natulutsa zitsekerero za mabotolo khumi, n'kuzindandalika pa kauntala.

"Uwu ndi mtengo wa chimbale chimodzi," anatero. Anakankhira zitatu kwa iwo eni. "Izi ndi zanga, wa shopu." Anachotsa ziwiri. "Izi za eni makina osewerera." Anachotsanso chimodzi. "Ichi cha wodinda, wa mabokosi ndi wa lole. Zatsala zingati?"

"Zinayi," anayankha Kabatani.

"Zinayi, ngati chagulidwa. Chikapanda kugulidwa ndikubwezera, ukachisunge kunsi kwa bedi. Ndipo amene wagula akaimaliza amadzandigulitsa ine, ine n'kugulitsanso wina, wina uja n'kubwezanso. Chimbale chimodzi ndimatha kudyapo kanayi, wopanga osaonapo olo kakobiri. Fizi yako yachokera kumeneko, ndiye usandiyang'ane choncho."

Anasonkhanitsa zonse khumi, nachotsapo zitatu zokha. "Pa intaneti eni sitolo atenga izi. Zisanu ndi ziwiri ndi zanu, palibe lole, palibe kunsi kwa bedi. Ndalama yotsalayo katsatsireni gemu, anthu aidziwe."

"Nanga inu, ababa?"

"Ine sindili mu zitsekererozi."

Apa ndiye ndinalephera kudzigwira. "Achimwene, mutu ukugwira? Mwana akukuponyerani chingwe, inu mukuchidula? Mwezi wamawa mulipira lendi ndi machaja?"

"Ayi azakhali, asiyeni," anatero Kabatani, misozi ili lengelenge. Anatembenukira kwa bambo ake. "Ine ndimangofuna ndione gemu yanga pa shelefu iyi. Kuyambira ndili pansi apa ndakhala ndikulota zimenezi."

Achimwene anabwezera zitsekerero mu dirowa chimodzichimodzi. "Anzako awiri aja si ana anga. Zaka zawo zitatu usalipirire lendi ya bambo ako."

Ndinatuluka nditakwiya, ndipo sabata yathunthu sindinawapatse moni. Ndikuvomera kuti chimene chinkandiwawa n'choti ankanena zoona.

Gemu inatuluka pa intaneti. Kabatani anafuna kuwapatsa yaulere, iwo anakana, anagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Anaisewera masiku asanu ndi anayi pa ka TV ka pakona, magalasi ali pamphuno, akumukalipira mayi wa njinga uja akagwera m'madzi. Sinalemeretse munthu, koma pofika mwezi wachisanu inali itabweza zonse zomwe analowetsa, ndipo atatu aja anayamba ina. Mwezi womwewo achimwene anagawa shopu pakati ndi thabwa, mbali ya kumanzere n'kuipereka kwa wokonza mafoni kuti azithandizana lendi.

Tsiku logawalo ndinapita kukawathandiza kusamutsa katundu. Pa shelefu ya kutsogolo, pomwe pamakhala magemu a makampani akuluakulu, ndinapeza kabokosi kachilendo. Chithunzi cha mayi wa njinga anakachisindikiza okha kwa wojambula zithunzi, nachidula ndi sizasi ya telala. Nditakanyamula kanali kopepuka, m'kati mulibe chimbale.

"Nanga munthu akakafuna?" ndinafunsa.

"Ndimamuonetsa pogula pa intaneti."

"Inu mumapezapo chiyani?"

"Amadina batani logulira ali mu shopu yanga," anatero, akupukuta shelefu osandiyang'ana.

Ndinatembenuza kabokosi kaja. Kapepala kachikasu kanalipo, zilembo zawo zopendekera zomwe zija: "Ndaimaliza. Gawo lachinayi latalika kwambiri, wopangayo ndamuuza kale. Gulani."

Ndinawerenga mawu omalizawo kawiri, kenako ndinatulutsa foni yanga n'kuwapatsa kuti andionetse pogula. Ine wa nsapato, amene sindinagwirepo gemu chibadwire.