Nkhuku za pa Ukwati

Mphunzitsi wina wachitsikana wa pasukulu pathu anandipeza tsiku lina ndikuchonga makope pakhonde. Anati akufuna kuyamba kabizinesi, ndiye ndimulangize poti ine ndinayesapo. Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Ndinamukokera mpando, chifukwa zanga zingamuthandize kuposa za anthu aja amalankhula pa wailesi ngati ndalama zimangomera m'mbali mwa msewu.

Ine kwathu ndi ku Balaka. Boma linanditumiza kuno ku Nchenachena ndili ndi mwana kumbuyo, ndipo imvi zandimerera konkuno, m'nyumba ya sukulu. Malemu amuna anga anandisiyira puloti kwathuko. Inalibe nyumba, koma ndinkadziwa kuti ndikadzapuma ntchito ndidzamangapo zipinda ziwiri n'kumagona pakhomo panga. Chuma changa chonse chinali chimenecho.

Zinayambira pa ukwati wa mwana wa mkulu wina wa mpingo. Ine anandiika kophikira, ndipo tinasosola nkhuku kuyambira m'mamawa mpaka zala kuchita dzanzi. Nthenga zinaunjikana mulu kuseri kwa khitchini. Ndili chiweramire pa beseni, ndinayamba kuganiza kuti mvula ikangotha maukwati kuno amatsatizana, ndipo paukwati uliwonse pamapita nkhuku zochuluka chonchi. Nanga bwanji osamaweta ine? Ndinadziona wochenjera kuposa amayi onse amene ndinali nawo pamenepo, ndipo sindinauze aliyense, kuopa kuti angandibere nzeru.

Ndinagulitsa puloti ija. Mchimwene wanga anandiimbira foni kawiri. "Achemwali, malo sagulitsa, mudzagona kuti?" Ndinamuyankha mwamwano kuti iye bizinesi aidziwira kuti. Mpaka lero sindinamupepese.

Mkulu wa mpingo uja anandibwereka malo kuseri kwa nthochi zake. Ndinamangapo khola la njerwa zowotcha, la malata ndi simenti pansi, lokongola kuposa nyumba zina zogona anthu. Anapiye mazana awiri ndinakawatenga ku Mzuzu. Chakudya chawo chinkabwera pa matola, ndipo msewu wathuwu ukakana, thumba linkagona panjira masiku awiri, anapiye ali pakamwa yasa. Kuzizira kwa mu Juni nako kunandionetsa zakuda. Ndinkayatsa mbaula zitatu m'kholamo, ine ndikudya zozizira. Ndikabwera kukalasi ndinkangovula nsapato n'kulowa m'khola. Msana unayamba kupweteka nthawi imeneyo ndipo sunasiye.

Zitatha sabata zisanu nkhuku zinanenepa, zoyera mbee. Ndinavala chitenje chatsopano n'kupita kwa mayi wina amene mwana wake ankakwatiwa mwezi umenewo. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, namvetsera zonse mpaka ndinamaliza.

"Yewo chomene, amadamu, mwatiganizira," anatero. "Koma nkhuku za ukwati ife sitigula yayi. Zimabwera zokha."

Ndinafunsa kuti zimabwera bwanji.

"Abale amabweretsa, amayi a kumpingo amabweretsa, khomo lililonse imodzi. Ine ndapereka zaka zonsezi, tsopano ndi nthawi yawo. Ndikagula kwa inu, anthu adzati mama yura alije ŵanthu. Ndiye mwana wanga mwamuchititsa manyazi."

Ankanena kuti anthu adzamuona ngati munthu wopanda abale. Ndinagwira kapu ija osadziwa poiika. Zaka zonsezo nkhuku zinkandidutsa pamaso zili m'madengu, zina zomangidwa miyendo pa njinga, koma ine monga wobwera ndinkangopereka shuga ndi kandalama, osafunsa kuti enawo akupereka chiyani. Safunsa anadya phula. Ndinali nditaona nkhuku zodyedwa, osaona kuti panalibe ngakhale imodzi yogulidwa.

Nkhuku yoyera sidikira. Ikafika pogulitsa n'kukhala osagulidwa, imangodyabe, ndipo chimene ikudyacho ndi iwe. Ndinayesa kupita nazo kuboma. Zinayi zinafera m'matola, ndipo kumsika ndinapeza ogulitsa ena atakhazikika kale ndi makasitomala awo. Anzanga apantchito ankagula kumathero kwa mwezi basi, imodzi imodzi. Wina anandiuza za ku Chelinda, kumalo ogona alendo pamwamba pa phiri, kuti kumabwera alendo odya nkhuku tsiku ndi tsiku. Nditafunsa mtengo wa galimoto yokwera phiri limenelo ndinangozisiya. Zambiri ndinazigulitsa motaya, zina zinayamba kulemala miyendo ndi kunenepa, tinadya ife mpaka mwana wanga anati fungo la nkhuku likumuchititsa nseru.

Sabata ya ukwati wa mwana wa mayi uja, amayi awiri a kumpingo anabwera kudzafunsa kuti ine ndithandiza ndi chiyani. Ndinawapatsa nkhuku ziwiri. Anandithokoza kwambiri, akuti amadamu tsopano mwakhala wakuno. Ndinalira nditalowa m'nyumba, osati chifukwa cha nkhuku ziwirizo.

Ndinayesanso kachiwiri ndi ndalama zotsala, poti mtima suvomera msanga. Zinathera momwemo.

Mtsikana uja ndinamuuza zochepa. Ndinati asamayang'ane amene akudya, aziyang'ana amene akutulutsa ndalama m'thumba, ndipo akafunse munthuyo pamaso asanagule ngakhale msomali umodzi. Ndinati nzeru imene ukuopa kuuza anzako, iuze mayi mmodzi wakuno amene sakuopa kukuseka. Akanakhala kuti wina anandiseka tsiku lija pa beseni, bwenzi ndili ndi puloti. Ndinati ayambe ndi zochepa zoti zikatayika agonabe tulo, ndipo ntchito ya boma asaisiye, ngakhale malipiro ake ndi omvetsa chisoni. Ankalemba zonse m'kope ngati ali pa semina. Maso ake anali owala, ndipo ndinadziwa kuti akapangabe zimene waganiza. Sindinamuletse, ndatopa.

Kalata yanga yopumira ntchito inabwera mwezi watha. Nyumba ya sukulu ndiyenera kutulukamo teremu ino ikatha, mukulowa mphunzitsi wina ndi banja lake. Mchimwene wanga ali ndi ana asanu m'zipinda ziwiri, ndipo ine ndilibe nkhope yoti ndikagogode kumeneko.

Lachitatu anabwera akazi a mkulu wa mpingo uja. Anakhala nthawi yaitali akukamba za mvula ndi za khofi, kenako anatsitsa mawu n'kupereka uthenga wa amuna awo.

"Adada akuti musavutike mtima, amadamu. Nyumba yanu ija ili bwinobwino. Tingoboola mawindo, tigawe pakati, tipake laimu. Mungakhalemo mpaka pamene mwafunira."

Sananene mawu oti khola, ndipo ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Ndinati yewo.

Dzulo ndinapitako ndi tsache ndi ndowa. Ndakolopa katatu, koma fungo likadalimo. Ndayeza pakona ya kum'mawa ndi chingwe, ndipo bedi langa likwanapo.