Mawu Amene Anti Tereza Ankasunga

Ndikakumbukira Anti Tereza, ndimamva fungo la tsitsi lopsa ndi chipeso chamoto, losakanikirana ndi la mafuta odzola komanso la mandimu amene ankawira pa chitofu tsiku lonse m'kakhitchini kawo ku West Bromwich. Nyumba yawo inagundana khoma ndi yathu, moti akayetsemula ife tinkamva. Loweruka lililonse amayi akapita kuntchito ku nyumba yosamalira okalamba, ine ndinkakhala pansi pakati pa miyendo ya Anti, mutu uli m'manja mwawo, ndikumva tiramu, sitima ya mumsewu, ikudutsa kumapeto kwa msewu ndi mvula ikumenya pa zenera limene sankalitsegula ngakhale utsi utatilowa m'maso. Ankati mphepo ndi mdani wa pakhosi.

Sanali anti anga enieni. Anali Mmalawi mnzathu wa ku Zomba, amene anabwera ku England ife tisanaganize n'komwe zokwera ndege. Anabwera kudzaphunzira unamwino, koma anausiyira panjira atakumana ndi anyamata a ku Bilston ndi ku Longbridge amene ankaimba m'galaja akaweruka ku fakitale. Nyimbo zawo zinali za jazi wovinika, wa malipenga ndi gitala ya besi yogunda pachifuwa, amene kuno amamutcha acid jazz. Anti ndiwo anali woimba wawo woyamba. Dzina la bandiyo sankalitchula, ankangoti "anyamata anga".

Mbiri ya anyamatawo ndinaiphunzira movutika, chifukwa ankaifotokoza akundiluka, ndipo akafika pamene panawawawa ankakoka tsitsi. Wa ng'oma anachoka atakwatira. Wa lipenga anayambana ndi wa gitala chifukwa cha mkazi, onse awiri n'kuchoka, mkaziyonso n'kukwatiwa ndi wina. Wa kiyibodi anatengedwa ndi bandi ya ku London. Amene sankasuntha anali Malcolm yekha, wa besi, mwini bandi. Za kuchoka kwawo ankazinena pomalizira, ndipo apo ndiye khungu la mutu wanga linkaona zakuda.

"Ine sindinachoke, Tada. Ndinapita kumudzi kukaika mayi anga. Pobwera ndinapeza kamtsikana ka ku Coventry kakuimba nyimbo zanga. Maliro anandidyera malo."

Koma kamtsikanako sikanakhalitse, ndipo wotsatira wakenso sanakhalitse. Bandiyo inkasintha oimba ngati malaya. Nthawi zina woimba akathawa pakati pa ulendo, Malcolm ankaitana mmodzi mwa akale kuti adzagwirizire. Apa ndi pamene panali moyo wonse wa Anti. Ankakhulupirira kuti tsiku lina foni idzalira, ndipo tsikulo liyenera kudzawapeza mawu ali athunthu. Choncho anaganiza zowasunga.

Sindikunena zongopewa madzi ozizira ndi tsabola ayi, ngakhale izonso ankapewa, ndipo mpango sunkachoka m'khosi ngakhale kunja kutatentha. Anti anasiyiratu kuimba. Kutchalitchi ankangogwedeza milomo. Pa tsiku langa lobadwa ankangowomba m'manja. Potsuka mbale, pamene mzimayi aliyense amang'ung'udza kanyimbo, iwo anali zii. Tsiku lina ndinawafunsa, m'Chingerezi changa chimene ankadana nachocho, kuti akudziwa bwanji kuti mawuwo akadalipo. Anandigogoda ndi chipeso pamutu.

"Iwe, chimanga chikakhala m'nkhokwe, mwini wake amakachiyang'ana m'mawa uliwonse? Chilipo. Weramutsa mutu."

Ndili ndi zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, amuna a Mai Chirwa, Mmalawi mnzathu wina, anagwa kuntchito ku nyumba yosungira katundu n'kumwalira. Podikira kuti thupi lipite kumudzi, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankasonkhana masana kunyumba kwawo ku Bilston. Azibambo anaima m'khonde ndi pabwalo la kuseri, azimayi atakhala pansi pabalaza, zitenje atamanga pamwamba pa yunifomu, ena atangochoka kuntchito osagona. Tinali ochepa masiku amenewo, ndipo woyambitsa nyimbo anali mmodzi yekha. Pofika tsiku lachitatu mawu ake anali atasasa. Nyimbo inafera pakati, m'nyumba n'kungotsala kulira kwa Mai Chirwa. Amayi anatembenukira kwa Anti.

"A Tereza, tatithandizani. Inu ndiye eni ake nyimbo."

Anti anagwira mpango wawo. "Pepani amake Tadala, sindingathe. Ndikusunga mawu."

Ananena motsitsa, koma aliyense anamva, ngakhale Mai Chirwa amene anasiya kulira n'kudzutsa mutu. Mzimayi wina wa ku Chipata anafunsa mokweza kuti, "Mukusungira ndani, mayi? Maliro n'kulirana." Ine manyazi anandigwira ngati kuti ndakana ndine, koma mumtima ndinali kumbali yawo, chifukwa ndinkaganiza kuti chinthu chimene munthu angachikanize ngakhale pamaliro chiyenera kukhala chokongola kwambiri.

Kuyambira pamenepo azimayi anasiya kubweretsa ana awo kuti adzalukidwe. Kutchalitchi ankawapatsa moni wa pakamwa pokha. Ndinatsala ndine ndekha, ndipo sikuti amayi anawakhululukira, koma analibe kwina kondisiya. Anti anayamba kugwira ntchito yosesa m'maofesi m'mawa, masana n'kumakhala pafupi ndi foni.

Foniyo inaliradi, ine ndili ku sekondale. Bandi inkakonza phwando lokumbukira chiyambi chake ku Birmingham, ndipo Malcolm ankafuna kuti oimba akale aimbe nyimbo imodzi aliyense. Sindinawaonepo Anti ataseka ngati tsiku limenelo. Anandiuza kuti ndiwaperekeze kokayeserera. "Ukaone ndi maso ako, kuti ukawauze amayi ako ndi anzawo aja."

Chipindacho chinali pansi pa mlatho wa njanji, chonunkha chinyezi ndi ndudu zakale, ndipo sitima ikadutsa pamwamba zitsulo za ng'oma zinkanjenjemera zokha. Anti anaima pakhomo n'kumafunafuna anyamata awo. Kupatula Malcolm, panalibe ndi mmodzi yemwe. Wa lipenga, wa gitala, wa ng'oma, onse anali achilendo, ena obadwa nyimbo zija zitatuluka kale. Malcolm yekha ndiye anawadziwa, dazi lili ngwee, n'kuwakumbatira. Woimba wa nthawi imeneyo, mtsikana waulemu ndithu, anawapatsa maikolofoni ndi manja awiri.

Besi inayamba, malipenga n'kulowa. Anti anatsinzina, anakoka mpweya, n'kutsegula pakamwa. Chimene chinatuluka sindingachitche kuimba. Kunali kukwekwereza ngati kwa chitseko cha dzimbiri. Anatsokomola, anakweza dzanja kupempha kuti ayambirenso. Anayambiranso. Wa kiyibodi anatsitsa nyimbo kuti iwapepukire, koma sizinathandize. Kachitatu mtsikana uja, pofuna kuwathandiza, anayamba kuimba chapansipansi kumbuyo kwawo, ndipo ndinaona Malcolm akugwedeza mutu motsatira mtsikanayo, osati Anti. Iwonso anaona. Anaika maikolofoni pa mpando bwinobwino, anathokoza aliyense, tinatuluka.

Tisanakwere tiramu analowa m'kasitolo n'kugula chakumwa chozizira kwambiri cha m'firiji. Anamasula mpango, koyamba ine kuona khosi lawo, n'kumwa botolo lonse ataimirira panjira. Sanalire. Tikuyandikira kwathu ndi pamene analankhula.

"Chimanga chija chinafumbwa kalekale, Tada. Ine ndimalondera nkhokwe ya gaga."

Patapita masabata angapo anavala chitenje n'kupita ku Bilston kukapepesa. Mai Chirwa anawalandira, anawaphikira tiyi, anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ndamva, a Tereza. Koma amuna anga anaikidwa kale." Anti anabwerera, ndipo kuchokera pamenepo ankangokhala ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti inasiya kudutsa msewu umenewo. Bandi inachita phwando lake popanda iwo, n'kupitiriza kusintha anthu monga mwa chizolowezi.

Anamwalira ine nditangoyamba ntchito. Anthu anabwera, chifukwa maliro sakana, ndipo panalinso achilendo ambiri, atsikana ongofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, amene Antiwo sankawadziwa. Tinakhala pansi pabalaza pawo masana. Woyambitsa nyimbo masiku amenewo anali Mai Chirwa. Aliyense ankawayang'ana, iwo akuyang'ana pa kapeti. Amayi, amene Mulungu sanawapatse mawu, anayesa kuyambitsa, koma palibe anapolokoza. Sindinaonepo maliro a Mmalawi ali chete choncho, ndipo zinandiwawa kuposa imfa yeniyeniyo. Amayi anandikodola.

"Tadala, taika nyimbo yawo ija pa foni. Asapite ngati galu."

Ndinaifuna n'kuipeza, nyimbo yomwe ija inawakanika pansi pa mlatho. Malipenga analira m'kachipindamo, kenako mawu a mkazi anakwera, osalala, amphamvu, mpaka tsitsi linandiima. Koma pa foniyo panalembedwa dzina la woimba, ndipo silinali lawo. Bandi inajambulanso nyimboyo ndi mmodzi mwa owalowa m'malo aja. Chimbale choyamba, chimene munali mawu a Anti, sichinkapezeka paliponse. Ndisanaganize chochita, Mai Chirwa anayamba kulira mokweza, atagwira pamtima.

"Mayo ine! Mawu onsewa anali nawo a Tereza? Mawu onsewa?"

Anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu movomereza. Nyimboyo itatha anapukuta misozi n'kuyambitsa ya maliro, azimayi onse n'kupolokoza, ndipo anaimba mpaka aneba achizungu anatuluka panja.

Lero ndimakhala ku Longbridge, m'nyumba zatsopano zimene anamanga pamene panali fakitale ija. Bandi ikadalipo. Malcolm anapuma, ndipo mwa amene akuimba pano palibe amene anamvapo za mkazi wa ku Zomba. Chimbale chija ndachifuna m'misika ndi m'masitolo a zakale mpaka ndatopa. Azimayi amene anali pamaliro paja amauzabe anzawo kuti a Tereza anali ndi mawu a mngelo, anawamva ndi makutu awo. Ine ndimangovomereza. Ndinakulira pakati pa miyendo yawo, ndinkawamva akuyetsemula kuseri kwa khoma, koma mmene ankaimbira sindikudziwa.