Msana wa Chitsulo

Kudepoti ya chimanga ankamutcha Chitsulo, ndipo dzinalo ankalisamala kuposa mkazi wake. Ntchito yake inali kusenza matumba kuchokera mu lole, kukwera nawo pathabwa lotsamira mpaka pamwamba pa mulu. Anzake akamapuma, iye ankawaseka. Mkazi wake anachita kutopa n'kumuuza kuti thupi ndi limodzi.

Nthawi yokolola thabwalo linathyoka. Linali lofumbwa kale, kapitawo akudziwa. Chitsulo anagwa chagada, thumba pachifuwa. Anzake asanamugwire anadzuka yekha n'kusasa fumbi.

"Mukuyang'ana chiyani? Lavulala ndi thabwa!"

Onse anaseka, iye nasenza thumba lina. Kuchipatala sanapite. Anzake akanati chiyani? Kubuula ankasungira kunyumba, mkazi akumuthowa ndi madzi otentha. M'mawa ankamanga lamba molimba n'kupita. Itafika nyengo yozizira, miyendo inayamba dzanzi. Mitengo isanaphuke masamba, anali akukwawa popita kuchimbudzi.

Mkaziyo anapeza loya woti akasumire kampani ya depotiyo, ndipo loyayo sanabise. "Kulumalaku aliyense akukuona, mayi. Chofunika n'kuonetsa kuti kunayamba ndi kugwa kuja, osati ukalamba kapena zaka zonyamula katundu. Bweretsani amene analipo."

Anzake aja anabwera kukhoti dzuwa likuswa mtengo, malaya ali osita, nkhope zili mbee ndi mafuta. Loya wa kampani anafunsa wamkulu wa anzakewo mofatsa ngati wodzapala moto.

"Atagwa, ankaoneka kuti wapweteka?"

"Ndani? Chitsulo? Bwana, uyu si munthu wamba. Anadzuka ngati mphaka!"

"Ntchito anapitiriza?"

"Mpaka chimanga chinatha! Kudandaula sitinakumve."

Wachiwiri anawonjezera yekha, asanafunsidwe n'komwe. "Msana umenewu waona zambiri, bwana. Kuyambira unyamata wake ankasenza matumba awiriawiri."

Mkazi anacheukira mwamuna wake panjinga ya olumala. Mwamunayo anali akugwedezera mutu, mano onse pamtunda, ngati mkwati akumuimbira nyimbo. Mawu amene ankamulanda chipukutamisozi, iye ankawamwa ngati madzi ozizira.

Woweruza anati palibe umboni woti kugwako ndiko kunamulumalitsa. Mlandu unathera pomwepo.

Panja mitambo ya mvula yoyamba inali itadera kum'mawa, mphepo ikununkha dothi. Anzake aja anawazungulira akupukuta thukuta.

"Alamu, tamuyankhulira bwino mnzathu, eti? Sitinamuchititse manyazi."

"Mwayankhula ndithu," anatero mkaziyo, n'kugwira zogwirira za njinga.

Anaikankha mpaka pamene msewu umayamba kukwera. Chitsulo anali akumwetulirabe.

"Mwamva, amayi? Akuti ngati mphaka."

Mkaziyo anaponda buleki, nachotsa manja.

"Ndamva, bambo. Dzukanitu, mphaka inu. Pano pali chitunda."