Anapambana Debate ndi Maliro a Mng'ono Wanga

Anzanga, ndinakumana naye ku pharmacy komwe ndimagwira ntchito.

Bambo ena anabwera kudzabweza mankhwala a BP, ati mneneri wawauza kuti achira. Ine ndikusowa poyambira, mnyamata amene anaima pambuyo pawo analowererapo.

"Bambo, makina oyezera ndi awa. Tiyeze kaye. Ngati mneneriyo akunena zoona, makinawa avomereza."

Tinayeza, BP ili kumwamba. Bambo aja anatola mankhwala awo n'kutuluka osatsanzika. Mnyamatayo anagula ka mankhwala a chimfine, natuluka ndi nambala yanga.

Anzake ankamutcha Umboni, chifukwa chilichonse unganene, iye amvekere, "Umboni uli kuti?" Ngakhale ndimuuze kuti ndamusowa, funso linali lomwelo, ine n'kumupsompsona kuti akhale chete.

Sankapemphera, ndipo sankabisa.

"Babe, ine chipembedzo changa ndi munthu," ankatero. "Ukaona mnzako akuvutika, muthandize lero, osadikira kumwamba."

Anali m'gulu lina lomwe linkalimbana kuti pakhale lamulo loletsa aneneri kusiyitsa odwala mankhwala. Anandiphunzitsa kufunsa mafunso, kusameza nkhani iliyonse yobwera pa foni. Ndinamukonda, anzanga, mpaka ndinayamba kulankhula ngati iye.

Tsiku lina masana tili kuchipinda kwake, mabuku ali mbwee pansi, ndinamuuza zomwe ndinali ndisanauzepo munthu.

Mng'ono wanga anali ndi khunyu, ndipo mapiritsi ankamuthandiza. Mneneri wina anauza amayi kuti kumwa mapiritsi ndi kukayikira Mulungu. Amayi anawataya m'chimbudzi. Sipanapite nthawi, mwana anagwa akusamba, nkhope m'beseni la madzi... Anthu tinawauza kuti anali malungo. Zoona zake tinkazidziwa awiri, amayi ndi ine.

Umboni anandikumbatira, nandipukuta misozi ndi malaya ake.

"Izi zathera m'chipinda muno," anatero.

Kenako anamuitana ku wailesi kuti akachite debate ndi abusa ena, live. Ine kunyada! Ndinauza aliyense. Ndinapempha kuweruka msanga n'kupita komwe amayi amasoka mayunifolomu, pakhonde la sitolo ya penti. Matelala anzawo, azibambo okhaokha, anasendeza mipando. Amayi anakweza wailesi okha.

"Tiyeni timumve mkamwini wathu wanzeruyo," anatero akuseka.

Poyamba zinkayenda bwino. Koma abusa aja anali akamuna pakamwa, anamupanikiza.

"Achimwene, mumakonda umboni. Tiuzeni munthu mmodzi yekha amene anafa chifukwa cha pemphero."

Kenako ndinamva mawu omwe aja ankanditcha babe.

"Pali mayi wina, amasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ya penti. Anataya mankhwala a khunyu a mwana wake m'chimbudzi chifukwa cha mneneri. Mwanayo anafera m'beseni. Mayi ameneyu anapha mwana wake ndi umbuli, n'kunamiza anthu kuti ndi malungo."

Makina onse anaima. Palibe anayang'ana amayi, aliyense maso pa nsalu yake. Mzimayi wina amene anabwera kudzayezetsa mwana wake anamugwira dzanja n'kunyamuka, tepi ikadali pakhosi pa mwanayo. Amayi anangokhala, phazi lili pa chopondera makina, wailesi ikupitiriza kulankhula.

Pulogalamu itatha ndinamuimbira. Kumbuyo kwake kunkamveka anzake akuseka.

"Babe, wamva? Ndawamaliza abusa aja!"

"Amayi amva zonse."

"Koma sindinatchule dzina."

"Matelala aakazi apakhonde la sitolo ya penti alipo angati?"

"Tamvera, usakhale emotional. Nkhani imeneyi ipulumutsa ana ambiri. Pali pamene ndanama?"

"Unalonjeza."

"Lonjezo ndi miyoyo ya anthu, chachikulu n'chiti? Uganize bwino, ndiwe munthu wophunzira."

Sanapepese, anzanga. Mawa lake anzake anadula kachigawo kameneko n'kukamwaza pa mafoni, anthu kumuyamika kuti ndi dolo. Ine ananditumizira uthenga woti mtima ukakhala m'malo tikambirane ngati anthu akuluakulu. Ndinamubloka.

Musandimve molakwa. Mpaka lero aliyense wobwera pa kauntala yanga ndimamuuza kuti asasiye mankhwala, kaya wanena ndani. Pamenepo mnyamata uja ankalondola. Koma munthu akhoza kunena zoona zokhazokha n'kukhala wankhanza kuposa wabodza. Ankakonda anthu onse a dziko lapansi, kupatula amene anamutsegulira mtima.

Amayi sanabwererenso pakhonde paja. Makina anawasamutsira kuchipinda, amasoka chitseko chili chotseka. Azakhali anasiya kuwayankha foni. Ine amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandimenya.

Dzulo ndinalimba mtima n'kulowa. Ndinagwada pafupi ndi makina.

"Amayi, pepani. Ndinalakwa kumuuza."

Anadula ulusi ndi mano, osandiyang'ana.

"Dzuka, mwanawe. Mnyamata wakoyo sananame. Kungoti ine zaka zonsezi ndinkayesa kuti iwe unandikhululukira."