Dikishonale Yonunkha Fodya

M'nyumba mwanga kuno ku Al Aziziya, pamwamba pa kabati pomwe mphepo ya AC sifika kwenikweni, pali dikishonale ya Chingerezi yonunkha fodya. Chikuto chake ndi nsalu ya khaki yotuwa, ndipo masamba ena apakati ndi ozondoka. Mwana wanga Yamikani, mtsikana amene wakulira kuno ku Doha, amati bukulo limaipitsa pabalaza. Analisoka ndine, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo linandiliritsa masabata awiri athunthu.

Mwini wake anali a Mbewe, aphunzitsi athu a Sitandade 8 kwathu ku Mchinji. Anali bambo aafupi, okonda mawu monga mmene ena amakondera mpira. Dikishonale yawoyo sinkangomasulira mawu, inkanenanso kumene mawuwo anachokera. Masana ankatiphunzitsa mwapadera ife ochepa amene ankationa kuti tingasankhidwe kupita ku sekondale, ndipo Lachisanu lililonse ankabwereka bukulo mwana mmodzi. Koma ankabwereka anyamata okha. Ankati atsikanafe tikaliika pafupi ndi moto, lidzabwera lili mwaye wokhawokha. Mawu amenewo ankandiwawa. Ndinawakakamira temu yonse, mpaka tsiku lotsekera sukulu anatopa nane.

"Tenga, Rozina," anatero. "Koma likabwera lili ndi banga ngakhale limodzi, kalasi ya masana uyiiwale, ndipo mtsikana aliyense asadzandipemphenso buku."

Ndikanalikulunga m'chitenje n'kulibereka kumsana bwenzi zonse zili bwino. Koma ine ndinkafuna kuti mudzi wonse uone. Ndinalidendekera pamutu, manja ali lende, n'kumapereka moni ngakhale kwa anthu amene sindinkawapatsa moni masiku onse. Nditafika pamunda wa fodya wa abambo, ndinapunthwa pachitsa. Buku linagwa chamsana, ulusi wake wakalekale unaduka, ndipo linamwazika timagulutimagulu ta mapepala. Mphepo inatenga ena n'kuwalowetsa m'mizere ya fodya. Ndinakwawa m'mundamo mpaka maondo anasupuka, ndikutola mapepala ndi kulira. Tsamba lomaliza ndinalilanda kukamwa kwa mbuzi, mwamwayi inali itangodya pakona.

Masiku awiri anathera kusanja mapepala motsata manambala. Ndinkachitira m'chigafa, kuseri kwa fodya wopachika, kuti amayi asaone. Kenako ndinafika pa funso lenileni: ndilumikiza bwanji? Inali nyengo yosoka fodya, ndipo kusoka kokhako kumene ndinkakudziwa kunali komweko. Ndinatenga singano yaitali ya fodya ndi ulusi, n'kuyamba kutunga timagulu tija pamwamba, kamodzikamodzi, ndikusiya mpata pakati monga timachitira kuti masamba azipitidwa mphepo. Nditanyamula, dikishonale ya a Mbewe inali lendelende pa ulusi, yongoyenera kupachika pa mkangala kuti iume. Ndinaseka ndekha, kenako ndinaliranso.

Ulendo wachiwiri ndinati vuto ndi kulekerera. Ndinaotcha msomali, n'kuboola m'mphepete mwa buku lonse malo anayi, n'kulowetsamo chingwe cha khonje. Ndinakoka ndi mano, ndinaponda ndi phazi, ndinamanga mfundo zitatuzitatu. Apa linalimbadi, ukanatha kuponyera galu osagwa tsamba. Koma linakana kutseguka. Ukalikanula linkadzitsekanso lokha, ndipo mawu onse a m'mphepete mwa msana anamezedwa. Masiku asanu anali atapita. Ndinayamba kuganiza bodza loti ndikawauze aphunzitsi, koma bodza lililonse linkathera pamodzi: ine kunja kwa kalasi ya masana, ndi anyamata akuseka kuti a Mbewe ananena.

Abambo anandipeza ndili choncho. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo sukulu sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Ndinadikira mbama. Iwo anatenga bukulo, analitembenuza, anayesa kulowetsa chala kunsi kwa chingwe changa, chala chinakana. Anandifunsa ngati mbuzi ndimaimanga chonchi pakhosi. Ndinati ayi, ingafe. Anafunsa ngati ndimaimanga molekerera. Ndinati ayi, ingavule chingwe n'kukadya fodya wa eni.

"Ndiye chala chizilowa," anatero. "Chimodzi chokha. Masula."

Kenako anachita chinthu chimene mpaka lero chimandigwira pamtima. Analowa m'nyumba n'kutenga buku lawo la nyimbo za kutchalitchi, limene ankalinyamula Lamulungu lililonse ngakhale sankatha kuliwerenga, n'kulitumbula kumsana ndi mpeni. Anati tione mmene eni ake anachitira. Tinapeza kuti kagulu kalikonse ka mapepala n'kopindidwa pakati, ndipo ulusi umadutsa mopindika momwemo, kenako n'kukakola timizere ta nsalu topingasa kumsana. Si kuboola m'mphepete ayi. Abambo anagwedeza mutu monga amachitira akaona nkhokwe yolukidwa bwino, n'kubwerera ku fodya wawo. Sanandisokere ngakhale kagulu kamodzi.

Ulusi ndinausomola ku thumba la feteleza. Singano ndinaba ya amayi. Timizere ta nsalu ndi chikuto zinachokera ku buluku lakale la abambo. M'mawa ndinkasoka fodya ndi anzanga, masana n'kumasoka dikishonale, zala zili zomata ndi utomoni wakuda wa fodya umene suchoka ndi madzi okha. Ndinkasamba ndi phulusa ndi mchenga ndisanagwire pepala. Kagulu kalikonse ndikamaliza ndinkayesa ndi chala changa chaching'ono kumsana, ndipo kambirimbiri ndinkamasula n'kuyambiranso. Singano inandibaya mpaka nsonga za zala zinachita dzanzi. Anzanga ankandiitana ku fulaye, ine osatukula mutu. Ndinali nditalumbira mumtima kuti buku limeneli libwerera likutseguka, zivute zitani.

Zomatira ndinaphika ndi ufa wa chinangwa. Abambo atadutsa ananena kuti mphemvu zidzachita phwando, ndipo anandiuza kuti ndithiremo fumbi la fodya. N'chifukwa chake fungo lija. Titamata chikuto, analiika okha pakati pa matabwa awiri mu jeke wodindira mabelo, n'kupotokola pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ngati akumvetsera. Linakhala mmenemo masiku awiri. Litatuluka linali lowongoka, lolemera bwino m'manja, ndipo linatseguka lokha n'kugona chagada patebulo. Ndinavina. Kenako abambo analitsegula kuti aone ntchito, ndipo chala chawo chachikulu chinasiya chidindo chakuda cha utomoni m'mphepete mwa tsamba. Banga! Ndinayesa kupukuta, linakana. Abambo anayang'ana chala chawo, ndipo ndinaona kuti achita manyazi. Zimenezo zinandipweteka kuposa bangalo.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinapita ku ofesi ya a Mbewe. Bodza ndinalisiya panjira, ndinafotokoza zonse, kuyambira kudendekera mpaka mbuzi. A Mbewe ananunkhiza bukulo n'kuyetsemula. Anavundukula masamba mpaka anafika pamene mawu anali miyendo m'mwamba, pakuti kagulu kamodzi ndinali nditakasoka chozondoka osazindikira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anapeza chidindo chija n'kufunsa mwini wake. Ndinawauza kuti n'cha abambo anga.

Sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kutsegula pa mawu akuti bind, amene ndi kumanga m'Chingerezi. Anati mawuwa ali ndi abale awo ku Germany ndi ku Holland, kumene amati binden, ndipo bandeji wa kuchipatala ndi bandulo ya zovala za kaunjika ndi zidzukulu za banja lomwelo. Kenako anatsegula kwina n'kundionetsa banja lachiwiri, lochokera ku Chilatini, kumene kumanga ankati ligare. Afalansa analifupikitsa n'kumati lier, Apwitikizi amati ligar, ndipo m'Chingerezi linabala ligament, mtsempha wolumikiza mafupa, ndi obligation, udindo, pakuti munthu wa udindo ndi womangika. Anati anthu akutaliwo anayamba ndi chingwe chenicheni ngati ife, kenako mawu a chingwewo anawagwiritsa pa mafupa, pa malonjezo ndi pa mabuku. Ine ndinkangomva theka, mtima uli pa chigamulo.

"Buku ili likudziwa kumene mawu onsewa anachokera," anatero potseka. "Koma silinena kuti umange molimba bwanji. Zimenezo akudziwa ndi bambo ako. Masana ubwere."

Chilango chinalipo ndithu. Anandisenzetsa mabuku onse ong'ambika a pasukulupo, ndipo ndinawasoka mpaka tsiku la mayeso. Lachisanu lotsatira dikishonale inapita ndi mtsikana mnzanga. Chaka chonsecho, aliyense wofuna mawu a m'kagulu kaja ankatembenuza buku, anyamata n'kumaitana dzina langa mokuwa. Sindinkadandaula nazo.

Lero ndine namwino, ndimatsuka ndi kumanga mabala m'chipatala china kuno. Mawu aja a Chilatini ndinakawapezanso m'mabuku a unamwino atandidikirira, ndipo mnzanga wina wa ku Portugal amatchula bandeji kuti ligadura. Zinthu zinasintha. Tili ndi zomata zongokanikiza, tizitsulo totsekera bala, ngakhale guluu wa pakhungu. Komabe ndikamanga dzanja la munthu wovulala ku ntchito ya zomangamanga, ndimalowetsa chala kunsi kwa bandeji ndisanamulole kupita. Anamwino atsopano amaganiza kuti ndinaziphunzira ku koleji. Kunalidi phunziro lotero, koma linandipeza ndikudziwa kale.

A Mbewe atamwalira, akazi awo anapatsira bukulo mnzanga amene ankabwerera kuno kuchokera ku tchuthi. Anati malemu anasiya mawu kuti lipite kwa amene analisoka. Mwezi wathawu kagulu kamodzi kanayamba kugwedera, mwina chifukwa cha kuuma kwa mpweya wa kuno. Yamikani anati akudziwa shopu ina ku Al Asmakh kumene amakonza mabuku ndi makina.

"Mami, amapanga neat kwambiri," anatero. "Ama-trimma m'mphepete monse, ma-page ozondokawo awatembenuza, khalas, basi zatha. Ndipo mawu onsewa ali pa foni."

Sindinamutsutse za foniyo, n'zoona. Ndinangotsitsa bukulo, n'kutsegula pa tsamba la banga lija, n'kumuonetsa m'mphepete momwe makinawo akanadula. Agogo ake, malemu abambo anga, iye sanawaonepo. Sanasiye chithunzi, sanasiye kalata, ndipo moyo wawo wonse sanalembepo dzina lawo papepala. Chimene chinatsala ndi chala chimenecho, mizere yake ikuonekabe bwinobwino mu utomoni wa fodya. Yamikani anachiyang'ana, kenako anaika chala chake chachikulu pamwamba pake. Cha agogo ake chinali chachikulu kuposa chake.

Ndinamutuma kuti akatenge singano m'kabati, n'kumuuza kuti asambe m'manja. Kagulu kogwederako asoka ndi iye.