Tsiku Lomwe Tidapita Kukalembetsa Zenaldo

Tidanyamuka m'mudzi dzuwa lisadatenthe, mphepo ya Agosto ikutithira fumbi m'maso. Tidali anthu atatu ndi theka: akulu anga Mana Lusiya, amuna awo aFabiyao, ine Jasinta, ndi theka lija, mwana wawo wa miyezi itatu. Tinkapita ku Vila Ulongwe kukamlembetsa ku rejisto kuti akhale ndi pepala la kubadwa. Nthawi yolembetsa ulele idali pafupi kutha, ndiye zoti tidzapita tsiku lina padalibe. Ine adanditenga kuti ndizinyamula mwana, poti sikola idali itatsekera.

Dzina la mwanayo lidali Zenaldo. Alamu anga amasapota timu ina ya ku Ulaya yovala zachikasu, ndipo Zenaldo ndiye amachinya zigoli kumeneko. Masana omwe Mana ankachira ku chipatala, alamu adali pansi pa mtengo panja, wailesi ili pakhutu. Zenaldo atachinya, mwana nayenso adalira m'katimo. Anamwino adatuluka kudzakalipira munthu amene ankakuwa, koma adapeza kuti ndi bambo wa mwana. Dzina lidapezeka pomwepo. Mana sadalikonde kwenikweni, koma mwana woyamba amatcha dzina ndi akuchimuna.

Tsiku la ulendolo alamu adavala kamizola yawo yachikasu, malaya a timu ija, dzina lija lili kumsana. Mwana naye adavala kamalaya kachikasu komwe ndidasokerera ndekha zilembo zake ndi ulusi wobiriwira. Chilembo Z chidandivuta, ndidachiphwasula kangapo.

Pa msika wa ku Domwe tidapeza shapa, minibasi yopita ku Vila, ikudzaza. Mtengo udali mametikali zana ndi makumi asanu munthu mmodzi, mwana ulele. Matumba a mbatata ya kachewere adali padenga, ena pansi pa mipando, moti mawondo adandifika pafupi ndi chibwano. Ndidakhala kumbuyo cha pazenera, mwana pamiyendo, nditamfunditsa chitenje chifukwa cha fumbi. Pambali panga padali amayi ena ogulitsa nyemba, aNaphiri. Kutsogolo kwathu kudakhala abambo achikulire a chipewa, aChisale, eni ake a kachewere yense uja.

Kobradolo, wotolera ndalama uja, adali atavala kamizola ya mizeremizere, ya timu yodana ndi ya alamu. Atangoona chikasu chija adasiya kuitana anthu.

“Achimwene, kamizola imeneyo mwaivala dala, kapena kwanu foni sigwira?”

“Bwanji?” adafunsa alamu. Kwathu foni sigwiradi.

“Munthu wanu uja amugwira dzana. Amamwa mankhwala owonjezera mphamvu. Adampatsa kabotolo, iye n'kukodzamo, madokotala n'kupezamo zonse.”

Alamu adaseka mokweza. “Nsanje! Mukalephera pabwalo mumathawira ku chipatala.”

Galimoto idanyamuka mkangano utayaka kale. Msewu wochoka ku Domwe ndi wafumbi, wodutsa m'minda yomwe idakololedwa kalekale, ndipo m'madimba mokha ndimo mumaoneka zobiriwira. Koma palibe amene ankayang'ana panja kupatula ine.

ANaphiri chidawakhudza si mpira ayi. “Munthu wamkulu, wandevu zake, kukodza m'botolo anthu akuyang'ana? Amayi ake alipo?”

“Ine zanga n'zochepa,” adatero kobradolo, akuvula kapu. “Andibwezere tsitsi langa.” Adafotokoza kuti mwezi wa Mayo adabetcherana ndi mnzake, timu yake n'kugonja ndi zigoli za Zenaldo, ndipo adammeta mpala pakati pa msika anthu akuombera m'manja. Tsitsilo lidali litameranso, koma mokayikakayika.

“Mwina adadwala chimfine,” adatero alamu. “Wa mpira asamwe mankhwala a chimfine?”

“Chimfine chanji chothamangitsa munthu ngati gwape mpaka wezulo yomaliza? Chindigwire inenso chimenecho!”

AChisale adatembenuka pang'onopang'ono. “Ana inu, kachewere mwapondayu ndidamthira feteleza kawiri. Andimange?”

“Mwamva!” adakuwa alamu, chala chili m'mwamba. “Mwamva akuluakulu!”

“Sindidamalize, mwanawe. Wa feteleza wambiri sachedwa kuola m'thumba. Komanso ine sindinamiza wogula kuti adakula ndi mvula yokha.”

Chala cha alamu chidatsika. Koma iwo sagonja msanga, ndi agoloboyi a timu ya m'mudzi mwathu. “Nanga ife kumudzi kuno sitikwirira mizu pagolo? Ndani adatiyezapo?”

“Imagwira ntchito mizuyo?” adafunsa aNaphiri.

“Adawachinya zisanu sabata yatha,” adayankha Mana, maso ali pazenera.

“Ndiye inu simuba,” adatero aChisale. “Mumangoberedwa ndi sing'anga.”

Ngakhale alamu adaseka. Ine ndidasekera m'chitenje. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo ikadathera pomwepo pakadapanda dzenje.

Tisadafike pa mphambano ya ku Lifidzi, galimoto idagwera m'dzenje lalikulu, tonse n'kudumpha. Ndidagwira mutu wa mwana ndi manja onse awiri, chitenje n'kugwa. Zilembo zanga zobiriwira zidaonekera poyera, Z wanga wovuta uja ali patsogolo.

Kobradolo adawerenga, milomo ikugwedera. Kenaka adamenya denga ndi chikhatho, akukuwira woyendetsa. “Motolisita, imani! Tili naye m'galimoto muno!”

Anthu adaseka mpaka ena kutsokomola. Ine ndidalakalaka nditalowa m'thumba la kachewere. Mana sadaseke. Adatola chitenje chija, n'kumfunditsanso mwana bwinobwino.

“Sitidalembetse,” adatero motsitsa mawu. “Dzina lingathe kusintha.”

“Lusiya,” adatero alamu.

“Adzapita ku sikola mwanayu, bambo ake. Anzake azikamutcha chiyani? Wam'botolo?”

Pamenepo kuseka kudachepa. Za maina a ku sikola ndimazidziwa. Ine amanditcha Bububu poti sindiyankhulayankhula, ndipo dzinalo lidayamba ndili kalasi yoyamba koma mpaka lero likunditsata. Ndidayang'ana mwana. Ankayamwa chibakera chake, osadziwa kuti mlandu wake wayamba.

Anthu a m'shapa sakhala chete nthawi yaitali. Aliyense adayamba kupereka dzina ngati ndi mwana wake.

“Mutcheni Chisomo,” adatero aNaphiri. “Chisomo sichigwidwa.”

“Ine ndine Bonifasiyo,” adatero aChisale. “Zaka zonsezi palibe adandipatsapo botolo.”

Woyendetsa, amene adali chete chichokereni ku Domwe, adangoti, “Dizilo,” osatembenuka n'komwe.

Titadutsa mphambano ija tidafika pa chitunda chachitali. Galimoto idakwera mpaka pakati, idatsokomola kawiri, n'kuzima. Kachewere wa aChisale adali atailemera. Tonse tidatsika. Amayi tidaima m'mbali mwa msewu pomwe ana ena ankagulitsa nzimbe, ndipo Mana adapezerapo mwayi womchotsa mwana thewera lonyowa kuti apitidwe mphepo. Abambo adakonzeka kukankha. Kobradolo adatulutsa kachitini m'thumba, adakatsegula, n'kugugudiza.

“Chimenecho n'chiyani, achimwene?” adafunsa aNaphiri.

“Chakumwa cha mphamvu, mayi.”

“Eya. Wina abweretse kabotolo.”

Kobradolo adatsamwa. “Izi n'zina! Ine sindikupikisana ndi munthu, ndikupikisana ndi phiri!”

Alamu sadamve zimenezi. Adali atakwera pa chulu pomwe foni imagwira, ndipo adaimirira pamenepo nthawi yaitali, mutu uli pansi. Atatsika adabwera pomwe tidaima.

“Wa mpira uja wavomera yekha,” adauza Mana. “Akuti wapepesa kwa onse omukonda.”

Adavula kamizola ija pamphepo pomwepo, adaitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kuivalanso. Kenaka adapita kumbuyo kwa galimoto n'kukankha kuposa wina aliyense. Ndidawamvera chisoni kwambiri. Munthu amene adakuwa mpaka kutulutsa anamwino m'chipatala tsopano ankakankha osatulutsa liwu.

Injini italira pamwamba pa chitunda, tidayamba kukwera. Kuti ndifike pampando wanga ndidayenera kudumpha matumba, ndiye ndidampatsira kobradolo mwana kuti andigwirire. Iye adamnyamula m'mwamba, nkhope ndi nkhope.

“Iwe Zenaldo, tauza anthu zoona. Wamwa chiyani lero?”

Mwana adamuyang'ana mwaulemu. Kenaka adayankha. Thewera lidali lisadabwerere, ndiye yankholo lidauluka molunjika, lofunda bwino, kuyambira pakhosi pa kamizola ya mizeremizere mpaka pa lamba.

“Musamdzidzimutse!” adakuwa aChisale. “Msiyeni amalize, ndi mwayi umenewo!”

Kobradolo adaima chilili, manja ali m'mwamba, mpaka mwana adamaliza. Ndipo m'kachetechete kameneko ndidamva mawu akuti, “Mumafuna mkodzo wa Zenaldo. Ndi umenewo, kauyezeni. Mupezamo mkaka wokhawokha.”

Adali mawu anga. Ndinkaganiza kuti ndanenera mumtima, monga ndimachitira masiku onse ndisadakalembe m'kaderno, kabuku kanga kolembamo, madzulo. Koma adatuluka.

Woyendetsa adagoneka mutu pa chiwongolero, hutala n'kulira. ANaphiri adaimba nthungululu. Kobradolo adandiyang'ana ngati waona mbuzi ikuwerenga.

“Kasikana aka kamayankhula?”

“Kamodzi pachaka,” adatero Mana, akupukuta misozi. “Mwachita mwayi kawiri lero.”

Ndidabisa nkhope kumsana kwa mwana mpaka tidalowa m'tauni. Koma ndidasuzumira kamodzi, ndipo ndidaona alamu akumwetulira pang'ono, mbali imodzi yokha ya kamwa.

Tidafika ku Vila dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Pafupi ndi pomwe shapa zimaima tidagula kachewere wokazinga pa chiwaya, mbale ya mametikali makumi atatu, wothira mchere, tsabola ndi kabichi. Ine ndidamaliza wanga. Alamu adangotolamo tiwiri, wotsalayo n'kundikankhira.

Ku rejisto tidapeza mzere pa benchi la pakhonde. Mana atapita kuseri kukayamwitsa, alamu adasendera pafupi nane. Chikwatirireni akulu anga adali asadandifunsepo maganizo pa chilichonse.

“Mlamu, iwe ndiwe wa ku sikola. Adzamuseka?”

Ndidafuna kuwanamiza kuti mtima wawo ukhale pansi, koma sindidathe. “Adzamuseka, alamu. Mwina pofika nthawi imeneyo adzakhala ataiwala za botolo. Koma akakumbukira, adzamuseka.”

Adagwedeza mutu. Mana atabwera, adawauza osawayang'ana kumaso. “Sankha iwe, Lusiya. Chisomo, kaya lina lililonse. Ine ndidasankha ndi khutu la pa wailesi.”

Mana adangoyang'ana kamizola yotembenuza ija, ulusi wa m'kati uli panja.

Nthawi yathu itakwana tidalowa tonse. Pa tebulo padali amayi a magalasi, amene adafunsa maina a makolo ndi mudzi, n'kulemba. Kenaka adafunsa m'Chiputukezi, n'kubwereza m'Chinyanja: “Dzina la mwana?”

Alamu adayang'ana pansi. Ine ndidamgwira mwana mwamphamvu mpaka adadandaula.

“Zenaldo,” adatero Mana.

Alamu adadzutsa mutu. “Lusiya, si iwe umati...”

“Ndimati. Koma miyezi itatu ndakhala ndikumuimbira dzina limeneli, ndiyambirenso? Taonani.” Adawerama n'kuitana, “Zena! Zena wanga!” Mwana adatembenuka, n'kuseka ndi nkhama zake. Ine ndikudziwa kuti mwana ameneyu amatembenukira mawu a amayi ake ngakhale atati “kachewere”, koma ndidali nditayankhula kale za chaka chino.

“Wa ku Ulayayo waligwetsa m'matope,” adapitiriza Mana. “Ife titola. Akadzamuseka, adzawayankha monga wayankhira kobradolo.”

Amayi a magalasi adatiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. “Zenaldo ngati uja wa mpira?”

Alamu ndiwo adayankha. “Ayi, mayi. Ngati uyu.”

“Limalembedwa bwanji?”

Ndidamtembenuza mwana kuti amayiwo aone kumsana. Amayiwo adakopera chilembo chimodzichimodzi kuchokera pa ulusi wanga wobiriwira, ndipo sadadandaule za Z.

Pobwerera tidapeza shapa yomwe ija. Kamizola ya mizeremizere idali itayanikidwa pa galasi la pambali, mwini wake ali ndi vesiti yokha, akunjenjemera ndi mphepo. Atationa adafunsa ndi maso. Alamu adamuonetsa pepala. Adaliwerenga, adapukusa mutu, kenaka adatsegula chitseko cha kutsogolo.

“Bwana Zenaldo akhale kuno ndi mlezi wawo. Koma thewera likhale pamalo pake.”

Choncho ndidabwerera ku Domwe nditakhala kutsogolo koyamba m'moyo wanga, ndikuona msewu usadafike pansi pa matayala. Kumbuyo mkangano udayambiranso, woti zigoli zija zifufutidwe kapena ayi, ndipo mawu a alamu ndidawamvanso, ngakhale kamizola idakhalabe yotembenuza. Ndidanyamuka m'mawa ndikuganiza kuti dzina ndi la amene adalitchukitsa. Madzulo ndidali nditalinyamula pamiyendo, likugona, likununkha mkaka, ndipo lidali lathu.