Nkhope Yokana Penti

Malume anga ntchito yawo inali yojambula pamakoma. Eni nyumba zoonetsera kanema akafuna kukopa anthu ankaitana iwowo kuti ajambule mzungu wa mfuti, galimoto ikuyaka, woyimba atakumbatira gitala. Koma luso lawo linali ndi chilema chimodzi. Mkazi aliyense amene ankamujambula, kaya wa tsitsi lofiira kaya lachikasu, ankatuluka ndi nkhope ya azakhali, mpaka kachipsera ka pachibwano. Tinkawaseka kuti akazi awo asewera mafilimu onse osatuluka m'khitchini.

Azakhali atamwalira, malume anasiya nthabwala n'kuyamba kukhala mzere woyamba kumzikiti. Wailesi anapatsa anthu. Kenako anagula penti yoyera n'kumazungulira tauni kufufuta nkhope zonse zomwe anajambula, ndipo pamwamba pake ankalembapo zilembo za Chiarabu zolukana ndi masamba. Kunena zoona zinali zokongola kuposa azungu a mfuti aja, koma ine zinkandipweteka mumtima, chifukwa azakhali sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi.

Linatsala khoma limodzi la nyumba ya kanema, loyang'anizana ndi khonde lomwe ndimasokerapo zovala. Nyumba ya kanemayo inatsekedwa kalekale, mumangokhala mileme. Pakhomapo panali woyimba wamkazi atatsegula pakamwa. Malume anapakapo penti n'kulembapo zilembo zawo.

Mvula itagwa, maso anatulukira pakati pa zilembozo. Malume anapakanso. Sipanapite nthawi, maso anabwereranso, kenako milomo. Ana anasiya kudutsa mbali imeneyo. Ine ndinatembenuza makina anga kuti ndiziyang'ana kukhomo, komabe msana unkamva kuti pali wina akundiyang'ana.

Shehe wathu si munthu wokhulupirira za mizukwa. Anabwera dzuwa lili paliwombo, anagogoda khomalo n'kunena kuti penti yamafuta sigonja kwa penti yamadzi, mankhwala ake n'kupala basi. Anapereka chopalira kwa malume. Malume anakwera makwerero mpaka nkhope yawo inayandikana ndi inayo, koma dzanja silinasunthe.

Shehe analankhula mofatsa, ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala.

"Palani, achimwene. Tsiku la chiweruzo, wojambula adzamuikira patsogolo chimene anajambula, n'kumuuza kuti achiuzire moyo. Ndipo sadzatha."

Malume anafunsa osatembenuka.

"Ndiye kuti adzandibweretsera iyeyu? Pamaso panga?"

Malume anatsika pang'onopang'ono, anabweza chopaliracho ndi manja awiri, ndipo anabwera pakhonde panga kudzandipempha kansalu konyowa koti akapukutire penti yoyera ija.